Masiku Asanu ku Zomba ndi Envulopu ya Masatifiketi

Lamlungu, 14 Julayi 2024, kuchokera ku Lilongwe

Ndinafika pa depoti nthawi ili 6 koloko m'mawa poganiza kuti tsiku la Mulungu apaulendo amakhala ochepa ndipo tinyamuka msanga, koma kuchepa kwa anthuko n'kumene kunatichedwetsa, pakuti minibasi siichoka isanadzaze. Tinakhala momwemo mpaka 9 koloko itadutsa, dalaivala akuliza injini ndi kuizimitsanso, oitanira akukuwa kuti kwatsala munthu mmodzi yekha. Ndinalipira K22,000 mpaka ku Zomba. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibenso amene amakangana ndi kondakitala nthawi yaitali, ndipo mayi amene anakhala pafupi nane anangopukusa mutu n'kumasula mfundo ya chitenje.

Uno ndi ulendo wanga wachitatu chaka chino wokayankha mafunso a ntchito ya uphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede. Woyamba unali wa ku Mzuzu mu Febuluwale, mvula ikugwa usiku wonse m'Chikangawa, ndipo wachiwiri unali wa ku Blantyre mu Meyi. Kwina anandiyankha ndi kalata yaulemu kuti sindinachite mwayi, kwinako sanandiyankhe mpaka lero. Ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale, ndipo ulendo uliwonse wotere umadya gawo lalikulu la malipiro anga a mwezi, kotero kuti mkazi wanga anachita kubwereka ku banki m'khonde kuti ndikwanitse uno. Envulopu ya masatifiketi sindinalole kuti ipite kumbuyo ndi katundu. Inali pamiyendo panga njira yonse, nditaikulunga m'jumbo.

Ku Dedza kunkazizira kwambiri moti aliyense anatseka windo. Pa Lizulu tinaima nthawi yaitali, mabeseni a mbatatesi, kabichi, anyezi ndi tomato atazungulira galimoto, ndipo kudzanja lamanja la msewu, kumene kuli kale dziko la Mozambique, anthu ankagulitsa malonda omwewo m'Chichewa chomwechi. Mayi uja anagula ndowa ya mbatatesi n'kuiika pansi pa mapazi anga atapempha mwaulemu. Titapatuka pa Chingeni kulowera ku Balaka anandigawira chinangwa chophika, n'kundifunsa chimene ndinafungatira ngati khanda. Nditawauza, anati mwana wawo wamkazi anamaliza maphunziro a unamwino zaka ziwiri zapitazo ndipo akudikirabe kulembedwa ntchito, choncho envulopu yotereyi amaidziwa bwino. "Achimwene, mukalowa musakathamange polankhula," anatero. "Amene akufunsaniwo nawonso anakhalapo pa mpando umenewo."

Pa Liwonde anatigulitsa kwa galimoto ina, Sienta imene inatenga anthu oposa mipando yake. Tinawoloka Shire kukutentha ngati si Julayi, kenaka tinayamba kukwera mapiri a Machinga, ndipo pofika ku Malosa ndi Domasi mphepo yozizira inali itabwereranso. Phiri la Zomba linaonekera litavala mtambo. Ndinaphunzira mumzinda uno zaka zinayi, komabe mtima unagunda titadutsa Songani ndi Chinamwali, chifukwa nthawi ino sindinabwere ngati mwana wa sukulu.

Ndapeza chipinda cha K18,000 pa malo ogona alendo kufupi ndi msika. Madzi otentha amabweretsa m'ndowa. Ndisanagone, mnzanga amene ali ku Glasgow wanditumizira chithunzi cha msewu wa kumene amakhala, kukuwalabe nthawi ili 9 koloko usiku, ndi mawu akuti: "Mwafika kwathu, achimwene? Musaiwale amayi."

Lolemba, 15 Julayi, Zomba

Ndinadzuka kuli chiperoni. Phiri silinkaoneka n'komwe, ndipo kamvula kowaza kankanyowetsa malaya pang'onopang'ono munthu osazindikira.

Ntchito ya m'mawa inali ya mapepala. Kalata yondiitana inati ndibwere ndi masatifiketi enieni pamodzi ndi mafotokope atatuatatu, ndipo ine ndinali ndi awiriawiri. Magetsi anali atathima m'tauni, choncho ndinayenda mashopu anayi ndisanapeze mnyamata amene anali ndi jenereta. Iye ankalipiritsa K200 pa pepala m'malo mwa K100 chifukwa cha mafuta, ndipo sindinamuone wolakwa. Ataona pepala la digiri yanga yachiwiri analigwira m'mphepete ndi manja awiri, n'kundiuza kuti nayenso analemba mayeso a MSCE kawiri pofuna mapointi olowera ku yunivesite. Anandipatsa kafayilo kapulasitiki kwaulere.

Masana ndinayenda wapansi kutsikira cha ku Chirunga, kumene ine ndi mnzanga uja tinaphunzira. Nthawi yathu pankatchedwa Chancellor College, koleji imene inasamukira kuno kuchoka ku Blantyre mu 1973, zaka ziwiri likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe. Mu 2021 makoleji atapatukana, Polytechnic n'kukhala MUBAS, makoleji a udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS, dzina la University of Malawi linatsalira pano. Mayunivesite achuluka ndithu kuyerekeza ndi nthawi ya makolo athu, pamene inali imodzi yokha, koma ife okhala ndi madigiri awiri tachulukanso kuposa mipando, ndipo n'chifukwa chake nkhope zimene ndinakumana nazo ku Mzuzu ndinazipezanso ku Blantyre. Sindinalowe m'kati. Ndinapitirira mpaka ku Chikanda, kumene tinkachita lendi kachipinda kamodzi tili awiri, mbaula imodzi ndi poto mmodzi. Nyumba ija ilipobe, koma aimangira zipinda zina kumbuyo ndipo pakhomo panali nsapato za ophunzira zosawerengeka.

Mnzangayo ndiye anali wanzeru kuposa tonse m'kalasi mwathu. Anapita ku Scotland mu 2019 kukachita digiri yachiwiri, anapitiriza mpaka PhD, ndipo kwa zaka zonsezi ndakhala ndikumutchula kwa ophunzira anga ngati chitsanzo. Ndivomere kuti ndakhalanso ndikumuchitira kaduka, makamaka usiku umene ndimachonga mapepala a Folomu 4 ndi tochi ya foni.

Madzulo anandiimbira pa WhatsApp. Miyezi ino nthawi yathu ndi yawo zimasiyana ndi ola limodzi lokha, pamene m'nyengo yawo yozizira zimasiyana ndi maola awiri. Ankakonzekera kupita ku ntchito ya usiku. Ntchitoyo si ya ku yunivesite ayi. Amasamalira okalamba pa nyumba ina yosungirako anthu achikulire, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pa bedi, maola 12 usiku umodzi, ndipo masana akadzuka amalemba makalata ofunsira ntchito ya uphunzitsi monga momwe ndikuchitira ine. Anati chaka chino waitanidwa kawiri, konse pa kompyuta, atavala jekete m'chipinda chake chogona. Kenaka anati tiyeserere mafunso a mawa, iye akhale wapampando. Anandifunsa mwaukali kwa theka la ola, n'kundidzudzula kuti ndikuyankha motalikitsa. "Achimwene, nkhani ya Chilwa mumaidziwa kuposa onse amene adzakhale kutsogolo kwanu. Inuyo ingoifotokozani monga mumafotokozera ana anu a Folomu 3."

Magetsi sanabwere mpaka usiku. Mlonda wa pamalo pano, bambo wachikulire wa ku Jali, anandibwereka simbi yamakala ya kunyumba kwake, ndipo anaima pambali kundiunikira ndi tochi pamene ndinkasita malaya oyera, akundichenjeza kuti ndizipukuta pansi pake kuopa phulusa. Tulo sitikubwera. Ndikuopa kubwerera kunyumba ndi nkhani yomwe ija kachitatu.

Lachiwiri, 16 Julayi, tsiku la mafunso

Anatiuza kuti tifike 8 koloko, ndipo ndinafika 7:20 pa kabaza wa njinga yamoto amene ananditenga K1,500 n'kuyendetsa pang'onopang'ono m'matope nditamuuza kumene ndikupita. Tinalipo anthu 9 pa mpando umodzi wa ntchito. Awiri ndinawazindikira: mayi amene tinali naye ku Mzuzu, ndi bambo wina amene ku Blantyre anandibwereka cholembera. Tinapatsana moni ngati achibale okumana pa chipatala.

Anatikhazika pa benchi m'khonde ndipo ankaitana motsatira zilembo za maina. Kudikira kwa mtundu umenewu kuli ndi khalidwe lake. Poyamba aliyense amayang'ana mapepala ake, pofika 10 koloko anthu amayamba kufunsana kumene achokera, ndipo pofika masana amakhala akugawana mtedza ndi kuuzana za malo ena amene alengeza ntchito. Mayi wa ku Mzuzu uja anasiya mwana wa miyezi isanu ndi iwiri ndi mchemwali wake kunja kwa geti, ndipo kawiri konse anatipempha kuti akaitanidwa tinene kuti wapita kukayamwitsa. Bambo wina anachokera ku Karonga, ulendo wa masiku awiri. Wotuluka m'chipindamo sankatiyang'ana, ankangonyamula chikwama n'kumapita, ndipo ife tinkayesa kuwerenga nkhope yake.

Ndinalowa 2 koloko itadutsa, m'mimba muli tiyi wa m'mawa yekha. Anali anthu asanu ndi mmodzi kuseri kwa tebulo lalitali. Anandipatsa mphindi 15 kuti ndiphunzitse ngati ndili pamaso pa ophunzira a chaka choyamba, ndipo ndinasankha nyanja ya Chilwa. Ndinayamba ndi funso limene ndimafunsa ana anga: mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'nyanja imeneyi, koma palibe mtsinje umene umatulukamo, nanga madziwo amapita kuti? Kuchokera pamenepo ndinafotokoza kuti nyanjayi ndi yosaya, kuti madzi ake amachoka ndi dzuwa ndi mphepo basi, kuti n'chifukwa chake ali ndi kamchere, ndiponso kuti mvula ikaperewera zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, ndi posachedwapa mu 2018. Ndinanenanso za matemba ndi milamba zimene zimabisala m'mitsinje ndi m'madambo nyanja ikauma n'kubwereranso madzi akadza, za mbalame zimene zinachititsa kuti mu 1997 malowa alembedwe pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndi za mitengo imene ikutha m'phiri la Zomba, kumene ina mwa mitsinjeyi imayambira. Manja ankanjenjemera poyamba, koma nditagwira choko mantha anachepa, chifukwa bolodi ndi malo amene ndimawadziwa.

Mafunso ena anali amene ndinkayembekezera: kafukufuku amene ndasindikiza, amene ndi pepala limodzi lokha, ndi momwe ndingaphunzitsire kalasi ya anthu 200. Koma mayi wina wachikulire amene anakhala chete nthawi yonse anavula magalasi n'kundifunsa, m'Chingerezi monga mwa mwambo wa malo otere, kuti akandilemba ntchito n'kunditumiza kunja kukachita PhD, ndidzabwerera kodi? Anati aona ambiri akusayina mapepala olonjeza kubwerera koma osaonekanso.

Ndinakhala chete kanthawi. Yankho lokonzeratu ndinali nalo, lakuti ndimakonda dziko langa, koma nkhope ya mnzanga inandibwerera, ndipo ndinaona kuti ndikayankha mopepuka ndikhala ngati ndikumuweruza. Ndinawauza kuti ndili ndi mnzanga amene sanabwerere, ndipo sindikhulupirira kuti anatsalira kumeneko chifukwa chosakonda kwawo, koma chifukwa anthu asanu ndi atatu amadya kuchokera m'manja mwake. Ndinati ineyo ndikufuna kubwerera chifukwa chimene ndimafuna kuchiphunzira moyo wanga wonse chili makilomita pafupifupi 30 kuchokera pa tebulo limeneli. Mayiwo analemba kenakake. Wapampando anati adzatidziwitsa pakatha masabata angapo.

Nditatuluka ndinapita molunjika kumsika, kumene ndinadya nsima ya matemba ndi nkhwani wotendera ya K3,000 pa benchi ya mayi wina amene anandiwonjezera mtanda osandilipiritsa. Ndinagona 7 koloko isanakwane, tayi ili m'thumba la jekete.

Lachitatu, 17 Julayi, njira ya ku Kachulu

Lero linali tsiku la mnzanga. Ananditumizira ndalama pa foni kuti ndigule shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi a amayi ake, ndiponso kuti ndikajambule nyumba imene akumanga, chifukwa zithunzi zimene amalandira kwa achibale zimakhala za mbali imodzi yokhayokha.

Ndinakwera galimoto pa Matawale, ndipo tara atatha tinalowa mumsewu wafumbi wodutsa m'minda ya mpunga imene akolola kale. Chigawo chomaliza ndinayenda pa kabaza wapalasa. Mnyamatayo ankaloza malo amene madzi anafika nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo m'midzi ina zipupa zakugwa zikuonekabe pambali pa nyumba zatsopano za zidina.

Amayi anandizindikira ndili patali. "Aphunzitsi! Mwananga, mwanenepa bwanji?" Anandiyalira mphasa pakhonde, n'kugwada pondipatsa moni ngakhale kuti ndine msinkhu wa mwana wawo, ndipo ine ndinagwada nawo. Akalamba kwambiri kuyerekeza ndi nthawi imene ankatibweretsera mpunga ndi matemba ouma ku Chikanda. Mlamu wanga, mkazi wa mnzangayo, anatuluka ndi ana awiri. Wamng'onoyo anabadwa bambo ake atachoka kale, ndipo wawaona maso ndi maso kamodzi kokha.

Nkhani ya banjali ndinaimva bwino lero kuposa momwe mnzanga amaifotokozera. Ankayembekezera kuti akamaliza maphunziro n'kupeza chitupa cha ntchito adzaitanitsa mkazi ndi ana. Koma kuyambira pa 11 Malichi 2024 boma la Britain linaletsa olowa kumene ntchito yosamalira okalamba kutenga mabanja awo, ndipo chitupa chake chinatuluka lamuloli litayamba kale kugwira ntchito. Mlamu anandifotokozera zimenezi mosadandaula, akusankha mpunga m'lichero. Anati ndalama zimabwera mwezi uliwonse osaphonya, ana ali pa sukulu yabwino, alamu ake awiri akulipiriridwa fizi, ndipo anthu a m'mudzi amamutcha mkazi wa bwana. Atatero anaweramira m'lichero muja nthawi yaitali osalankhulanso.

Nyumba ija yafika pa lintala. Ndi ya zipinda zinayi, njerwa zowotcha, ndipo m'kati mwake mwamera udzu ndi chitedze. Ndinaijambula mbali zonse, ndi mng'alu womwe uli pa khoma la kumbuyo, chifukwa anandituma kuti ndikaone zoona. M'chipinda chimodzi amayi anandiuza kuti mwana wawo anati m'menemo mudzakhala mabuku ake.

Titadya nsima ya mlamba wowamba, ndinawauza amayi zimene ndinaphunzitsa dzulo. Anaseka n'kunena kuti za 1995 ndisawauze ine, chifukwa iwo anayenda wapansi kupita ku chilumba cha Chisi, pansi pali ming'alu yolowa phazi, mabwato atagona pa dothi ngati ng'ombe zakufa. Malemu amuna awo anali msodzi wa m'zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi amamanga pa mabango ndi milulu m'kati mwa nyanja, ndipo chaka chimenecho anapita kukagwira ganyu ku Mozambique miyezi isanu ndi itatu. "Kuno amuna amachoka nyanja ikauma," anatero amayi. "Madzi akabwera amabwerera. Koma uyu wapita kutali kumene sitidziwa kuti madzi ake amabwera liti." Ndinalemba mawuwa m'kope langa iwo akuona, ndipo anandifunsa ngati ndikawauze ana a sukulu.

Cha m'ma 3 koloko tinamuimbira pa foni yanga, imene inkagwira netiweki pokhapokha titaima pa chulu kuseri kwa khola. Anali atangodzuka, maso ali ofiira. Amayi anamufunsa funso limene akuti amamufunsa nthawi zonse, ngati wadya nsima. Iye anatembenuza kamera kutionetsa thumba la ufa wa ku South Africa umene amagula pa shopu ya zakudya za ku Africa, n'kunena kuti nsima yake siigwira m'mimba ngati ya mgaiwa wa kwawo. Anatiuza za gogo wina wa kuntchito kwake amene ana ake amabwera kudzamuona kamodzi pa mwezi, ndipo amamugwira dzanja usiku n'kumamutcha dzina la mwana wake. Amayi anamvetsera, kenaka anati: "Uziwasamala bwino, mwananga. Nawonso ndi amayi a munthu." Mnzanga anayang'ana kumbali, ndipo ine ndinapereka foni kwa mlamu n'kutsika pa chulupo kuti alankhulane okha.

Pobwerera anandipatsa thumba la mpunga ndi matemba ouma okulunga m'nyuzipepala. Ndinakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu ndinalandira ndi manja awiri. Ndinafika m'tauni kutada, fumbi lili m'tsitsi ndi m'makutu, msana ukuwawa chifukwa cha kabaza.

Lachinayi, 18 Julayi, pa depoti ya Zomba

Chiperoni chachoka ndipo phiri likuoneka lonse, ndi mabala ake a malo amene mitengo inadulidwa. Ndinabweza simbi kwa mlonda uja pamodzi ndi matemba pang'ono, ndipo iye anati ndikalembedwa ntchito ndidzamupeze, adzandithandiza kufunafuna nyumba ya lendi ku Matawale kapena ku Sadzi.

Usiku mnzanga ananditumizira uthenga wautali ali pa ntchito. Anathokoza chifukwa cha zithunzi, anafunsa kuti mng'alu uja ungafune matumba angati a simenti, kenaka anandipempha kuti ndikamva zoti kwina kuno akufuna mphunzitsi wa phunziro lake ndimutumizire chilengezocho, ngakhale malipiro ake atakhala ochepa motani. Aka n'koyamba kuti anene zotere m'zaka zisanu. Ndamuyankha kuti nditero, ndipo ndamuuzanso kuti akadzaitanidwa adzakonzekere funso la mayi wa magalasi uja.

Mu minibasi muno tilimo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo kondakitala akuti ya ku Lilongwe yeniyeni palibe, tikasinthe pa Liwonde. Ndatsala ndi K27,000, yokwanira ulendo ndi tchipisi cha pa chiwaya pa Balaka. Mayi wa ku Mzuzu uja wangokwera kumene ndi mwana wake kumsana, ndipo wandiuza kuti wamva zoti koleji ina ku Lilongwe ilengeza malo mwezi wamawa. Ndamusungira mpando wa pawindo, ndipo thumba la mpunga ndaliika pansi pa mapazi kuti envulopu ikhale pamiyendo.